Kope la pansi pa mpando: mmene ndinakonzera fomu ya msonkho nditaipereka kale

Kope lomwe linandisowetsa tulo linapezeka pansi pa mpando wa pikapu, mbali imodzi litafufuma ndi madzi a ayisi. Munali mu Novembala chaka cha 2025, dzuwa la kuno ku Mangochi likuswa mtengo, ndipo mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ankatsuka galimoto kuseri kwa nyumba. Anabwera nalo akulikupiza.

"Anjomba, ili n'lofunikabe kapena ndikolezere mbaula?"

Nditatsegula tsamba loyamba thukuta linasintha, linakhala lozizira. Munali nsomba za miyezi itatu zimene iyeyo ankagulitsa ku Monkey Bay pa nthawi imene ine ndinali ku Namwera kudwazika mayi anga. Ndalama ankanditumizira pa foni, ine n'kumagulira mankhwala ndi kulipirira mayendedwe, osakumbuka zolemba m'buku lalikulu. Kuwonkhetsa zonse zinakwana K3,200,000. Chonsecho fomu ya msonkho ya chaka chimenecho ndinali nditapereka kale ku MRA, bungwe lotolera misonkho, mu Sepitembala, n'kusainira kuti zonse zomwe ndalembamo n'zoona.

Geni yanga ndi ya nsomba. Ndimagula chambo, kampango ndi mcheni kwa asodzi, n'kumaperekera m'malo ogona alendo kuyambira cha ku Nkopola mpaka ku Makawa, komanso ku sukulu ina yogonera konko. Ndili ndi TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, m'dzina langa, sindinalembetse kampani. Chaka changa cha malonda chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo lamulo limapereka masiku 180 chaka chikatha kuti munthu apereke fomu yosonyeza zomwe wapeza, ija ambirife timangoitchula kuti return. Ine masikuwo ndinawasunga bwinobwino. Chomwe sindinasunge ndi manambala.

Ndikulemba izi kwa anzanga a geni amene tsiku lina adzapezanso kope lawo pansi pa mpando. Si ine katswiri wa za msonkho. Ndine munthu amene ndinadutsamo, mothandizidwa ndi madala ena a kuno amene anagwira ntchito ya akaunti ku Blantyre zaka zambiri asanapume. Zambiri zomwe ndinena ndinaziphunzira pakhonde pawo.

Usiku woyamba maganizo anandibwerera atatu, ndipo onse anali oipa.

Loyamba linali lakuti ndingokhala chete. Ndalama za pa foni, ndani angazione? Maganizo amenewa amakoma usiku, koma kukacha amasungunuka. Nsomba zomwe mphwanga anagulitsa ku Monkey Bay ndinali nditazilemba kale ku mbali ya zogula, chifukwa ndalama zogulira kwa asodzi zinachoka m'manja mwanga. Ndiye kuti m'mabuku anga munali nsomba zolowa zopanda potulukira. Munthu wodziwa ntchito yake akangoika zogula ndi zogulitsa pambali pa mnzake, amafunsa funso limodzi lokha: nsomba zinazi zinapita kuti, zinabwerera m'nyanja? Ndipo mlandu suwola. A MRA ali ndi mphamvu yobwerera ku zaka za m'mbuyo n'kuunikanso mabuku, ndipo akachipeza okha cholakwacho sichitchedwanso kuiwala, chimaoneka ngati kubisa.

Lachiwiri ndi limene limanyenga anthu abwinobwino: ndingoziphatikiza pa fomu ya chaka chamawa, boma lilandirabe ndalama yake. Madala aja atamva zimenezi anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, ukatero walakwitsa zaka ziwiri m'malo mwa chimodzi." Msonkho umawerengedwa chaka ndi chaka. Ndalama ya Febuluwale 2025 ndi ya chaka chomwe chinatha mu Malichi 2025, sisamuka. Ukaiika m'chaka chotsatira, fomu yakale ikhalabe yabodza, yatsopano nayo yasanduka yabodza, ndipo chiwongoladzanja cha pa ndalama yomwe unayenera kulipira kale chikungoyendabe mwakachetechete.

Lachitatu sindichedwapo. Pali anyamata ena amene amati amadziwana ndi wakutiwakuti ndipo angathe "kuzikonza mkati" ukawapatsa kangachepe. Dzina lomwe lili pa TPIN ndi lako, siginecha ndi yako. Zikadzavuta iwowo foni idzakhala yozima.

Njira yotsala inali imodzi: kupita ndekha kukanena kuti ndinalakwitsa, nditanyamula manambala olondola. Koma musathamangire ku ofesi m'mawa mwake muli chimanjamanja. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ntchito yeniyeni imachitikira patebulo la kunyumba.

Ine ndinkafuna kungowonjezera K3,200,000 ija pa zogulitsa, basi nkhani yatha. Madala anakana. Anati ukapeza nsikidzi imodzi pa mphasa umayanika mphasa yonse. Kupita kukakonza fomu kamodzi n'chinthu chomveka. Kubwereranso patatha mwezi kuti "ndapezanso china" kumachititsa aliyense kukayikira mabuku ako onse. Choncho tinayala chaka chonse: buku lalikulu, kope lonyowa lija, mabuku a invoisi, malisiti omwe mayi akunyumba amasunga m'chitini cha mabisiketi, sitetimenti ya ku banki ya miyezi 12, sitetimenti ya pa foni imene ndinakapempha ku shopu ya kampani ya foni, ndi masatifiketi onse a withholding tax, msonkho umene makasitomala amadula asanandilipire. Pambali tinaika kope la fomu yomwe ndinapereka mu Sepitembala. Ngati yanu simunasunge, ilowereni pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, muisindikize, pakuti simungakonze chinthu chomwe simukuchiona.

Tinayenda mwezi ndi mwezi, invoisi iliyonse kuifunira ndalama yake ku banki kapena pa foni, ndalama iliyonse yolowa kuifunira invoisi yake. Zinatitengera madzulo anayi. Ndipo nsikidzi zinatulukadi.

Yoyamba ndi imene ndikukhulupirira kuti ikugona m'mabuku a anthu ambiri operekera katundu m'mahotela ndi m'masukulu. Ukaperekera katundu ku malo otere, salipira ndalama yonse ya pa invoisi. Amadulako 3 peresenti ngati withholding tax, n'kukaipereka ku MRA m'dzina lako, iwe n'kukupatsa satifiketi. Malo ena ogona alendo ndinawaperekera nsomba za K14,000,000 chaka chonse. Anadula K420,000, ku banki kunalowa K13,580,000. Ine polemba fomu ndinatenga nambala ya ku banki n'kuilemba ngati zogulitsa. Kenaka m'munsi, pa malo ochotsera msonkho wolipiriratu, ndinalembanso K420,000 ija. Mwaona pamene panalakwika? Ndinadya kawiri. Zogulitsa zenizeni ndi K14,000,000, ndalama ya pa invoisi isanadulidwe. K420,000 ndi ndalama yanga ndithu, kungoti inadzera njira ina kupita ku boma. Uyenera kuionetsa kaye ngati gawo la zomwe wapeza, kenaka uichotse pa msonkho womwe wawerengedwa.

Chomwe chinandiziziritsa nkhongono n'chakuti cholakwa chimenechi a MRA akanachiona osadzuka n'komwe pampando. Amene amadula withholding tax amaipereka pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo amalemba TPIN ya munthu amene amudula ndi ndalama yonse yomwe amayenera kulandira. Ndiye kuti nambala ya K14,000,000 inali kale m'makompyuta awo, yolembedwa ndi kasitomala wanga, pamene ine ndikubwera ndi K13,580,000. Anthufe timaganiza kuti fomu yathu ndi mboni yokhayo. Ayi, ena anatichitira kale umboni.

Yachiwiri inali yochititsa manyazi. Pa zowonongera geni panali K600,000 yolembedwa kuti "sukulu". Ine ndinkayesa kuti ndi ya mafuta operekera nsomba ku sukulu ija. Titafufuza tsiku lake, inali fizi ya mwana wanga wamkazi. Lamulo limalola kuchotsa pa phindu ndalama zokhazo zomwe zawonongedwa pofuna kupeza phindulo: kugula nsomba, ayisi, mafuta a maulendo a geni, malipiro a anyamata, lendi ya pamalo ogulitsira. Fizi, chakudya cha pakhomo, chopepesera maliro, zovala za Idi kapena za Khirisimasi, zonsezo n'zapakhomo ngakhale ndalama yake itachokera m'thumba lomwelo. Vuto la ife a geni yaumwini ndi lakuti thumba ndi limodzi.

Pali cholakwa china cha mtundu womwewu chomwe ine chinandiphonya koma mnzanga wina wa ku Mpondasi chinamugwira: kugula firiji yaikulu kapena injini ya boti n'kulemba mtengo wonse ngati zowonongera za chaka chimodzi. Katundu wokhalitsa salowa choncho. Amachotsedwa pang'onopang'ono kudzera mu capital allowance, chaka chilichonse gawo lake. Ngati munatero, nachonso n'chofunika kukonza, ndipo apa pokha ndinganene kuti funani munthu wodziwa akaunti, chifukwa kukonza kwake kumakhudza ndi zaka zotsatira.

Si zonse zinali zondipweteka. M'chitini cha mabisiketi munatuluka malisiti a ayisi a K310,000 omwe sindinawalembe paliponse. Munatulukanso satifiketi ya withholding tax ya K75,000 yochokera ku sukulu ija, pa nsomba za K2,500,000. Zogulitsazo ndinazilemba bwino kuchokera pa invoisi, koma satifiketiyo inafika mochedwa ndipo sindinaichotsere. Musachite manyazi kuika zokukomerani pa fomu yokonzedwayo. Cholinga si kudzilanga, cholinga ndi nambala yoona, ndipo nambala yoona imayang'ana mbali zonse. Chachikulu pakhale pepala. Ayisi amene ndinagula pa doko popanda lisiti, ngakhale ndikukumbuka bwino kuti ndinagula, madala anati tisamuike. Zinandiwawa, koma ndinamvera.

Tsopano masamu. Pa phindu lomwe ndinalemba poyamba panafunika kuwonjezera K3,200,000 ya ku Monkey Bay, K420,000 ya kudya kawiri kuja, ndi K600,000 ya fizi. Zonse K4,220,000. Kuchotsapo K310,000 ya ayisi, kutsala K3,910,000. Phindu langa linali kale m'gawo lomwe limadulidwa 30 peresenti ndipo kuwonjezeraku sikunalitulutsemo, choncho msonkho woonjezera unali K1,173,000. Kuchotsapo satifiketi ya K75,000, ngongole yanga ku boma inatsala K1,098,000, tisanayambe kukamba za chiwongoladzanja ndi chindapusa.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi powerengera: gwiritsani ntchito milingo ya msonkho ya chaka chomwe mukukonzacho, osati ya lero. Milingoyi imasintha ndi bajeti. Gawo losadulidwa msonkho linali K45,000 pa mwezi, mu 2020 linakwera kufika K100,000, ndipo kuyambira Epulo 2024 linafika K150,000. Munthu amene akukonza fomu ya 2022 ndi milingo ya 2024 akupanga cholakwa chatsopano pamwamba pa chakale.

Zonsezi tinaziika pa pepala limodzi lokha, la mizere itatu yotsika: zomwe ndinalemba poyamba, zomwe n'zolondola, ndi kusiyana kwake. Cholakwa chilichonse tinachipatsa nambala, ndipo mafotokope a umboni wake tinawalemba nambala yomweyo pakona. Nambala 1, masamba a kope lonyowa ndi sitetimenti ya pa foni. Nambala 2, mainvoisi ndi masatifiketi a malo ogona alendo aja. Choncho mpaka kumapeto. Zikuoneka ngati zazing'ono, koma ganizirani munthu amene alandire fayilo yanuyo: ali ndi mafayilo ena mulu. Mukamupatsa jumbo yodzaza malisiti osasanja, mwamupatsa chifukwa choikira yanu pansi pa mulu.

Kenaka kalata. Tinailemba m'Chingerezi monga amayendera makalata a m'maofesi, yopita kwa Commissioner General, mkulu wa MRA, kudzera ku ofesi ya MRA ya kuno ku Mangochi kumene kuli fayilo yanga. Inali yaifupi, yosadzaza tsamba. Pamwamba dzina langa, TPIN, nambala ya foni, mtundu wa msonkho, ndi chaka chomwe chikukonzedwa. M'kati inanena kuti ndinapereka fomu pa tsiku lakutilakuti. Kuti poonanso mabuku anga ndapeza zolakwika zisanu. Inazitchula chimodzichimodzi ndi ndalama zake. Inanena msonkho woonjezera womwe ndawerengera. N'kupempha kuti andilole kukonza fomuyo. Pomaliza inanena poyera kuti ndabwera ndekha, palibe amene wandiitana.

Ndinkafuna kulembamo za matenda a mayi anga, za maulendo a ku Namwera, za mvula yomwe inavuta chaka chimenecho. Madala anadula zonsezo n'kusiya chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chake kope lachiwiri silinalowe m'buku lalikulu. "Ukulembera ofesi, sukulembera ankhoswe." Anandiletsanso kuloza chala mphwanga kapena wina aliyense. Amene anasaina ndi ine.

Tsiku lopita ku ofesi nyamulani makope awiri a chilichonse, ndipo lanu alidinde chidindo chosonyeza tsiku lomwe alandira. Ichi musachoke osachipeza. Chidindo chimenecho ndi umboni wanu wakuti munadziulula nokha, komanso wa tsiku lomwe munatero, zinthu zomwe zimalemera kwambiri nkhani ya chindapusa ikayamba kukambidwa. Malisiti enieni, mainvoisi enieni ndi masatifiketi enieni pitani nawo kuti akaone, koma musiye mafotokope okha.

Ine ndinalawira m'mamawa, kuwoloka pa Bakili Muluzi Bridge dzuwa lisanakwiye, fayilo ili m'jumbo kuopa thukuta. Ndinkayembekezera kukalipiridwa ngati mwana wasukulu. Bambo amene anandilandira anawerenga kalatayo, n'kuyang'ana pepala la mizere itatu, n'kufunsa mafunso awiri okha: ngati pali chaka china chomwe ndinalembanso ndalama ya ku banki m'malo mwa ya pa invoisi, ndiponso ngati ndinalembetsa VAT. Kenaka anandilongosolera mmene fomu yokonzedwayo ilowere pa Msonkho Online, ine n'kumalemba pa kapepala sitepe iliyonse. Langizo langa ndi lomwelo: funsani pomwepo kuti fomu yatsopanoyo ilowa bwanji ndipo ilowetsedwa ndi ndani, mulembe. Musakayesere nokha kunyumba kutumiza fomu yachiwiri ya chaka chomwecho musanalankhule nawo, mungapezeke muli ndi ngongole ziwiri pa chaka chimodzi.

Funso lawo loyamba lija linandibaya, chifukwa yankho lake sindinkalidziwa bwino. Ndinabwerera kunyumba kukayang'ana chaka cha m'mbuyo mwake. Mwamwayi chaka chimenecho ndinalemba kuchokera pa mainvoisi. Koma phunziro lake ndi lakuti cholakwa chochokera ku chizolowezi sichikhala cha chaka chimodzi. Inuyo yang'aniranitu zaka zoyandikana musanapite, kuti akafunsa muyankhe ndi mtima umodzi.

Za kulipira. Musadikire kuti mpaka zonse zitheretu ndiye mulipire, chifukwa chiwongoladzanja chimawerengedwa kuchokera pa tsiku lomwe msonkhowo unayenera kulipiridwa, osati tsiku lomwe mwazindikira. Sabata iliyonse yozengereza ili ndi mtengo wake. Polipira mumatenga PRN, nambala yolipirira, pa Msonkho Online n'kukalipira nayo ku banki. Apa tsegulani maso kawiri: mtundu wa msonkho ukhale wolondola, chaka chikhale chomwe mukukonzacho. Ndalama ikalowa ku chaka cholakwika, inuyo mumaona ngati mwalipira pamene chaka chenichenicho ngongole ikukula, ndipo kuisamutsa ndi kalata inanso ndi maulendo enanso.

K1,098,000 sinali m'thumba. Novembala ndi nthawi yovuta kwa ife a nsomba, ndi nyengo imene usodzi wina umatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo katundu amachepa. Ndinalipira K700,000 sabata yomweyo, yotsalayo ndinapempha mwa kalata kuti ndiimalize m'magawo awiri. Pempho lotere lichitike polemba, ndipo yankho lake mulisunge. Dziwaninso kuti kugawa ngongole sikuimitsa chiwongoladzanja pa gawo lomwe latsala. Ndipo mukalonjeza tsiku, lisungeni ngakhale zitatanthauza kugulitsa mbuzi. Ine zinapita ziwiri.

Chindapusa ndi nkhani imene aliyense amafuna kumva, ndipo ndinena mosabisa: kudziulula sikufafaniza zonse. Chiwongoladzanja ndinalipira. Panalinso mbali ina imene sindinaiganizireko, ya provisional tax. Ife a geni timalipira msonkho wongoyerekeza miyezi itatu iliyonse, ndipo zolipira zonse za chakacho ziyenera kufika 90 peresenti ya msonkho weniweni. Poyamba ndinali nditadutsa mlingowo bwinobwino. Msonkho weniweni utakwera ndi ndalama yoposa miliyoni, zomwe ndinalipira zinagwera pansi pa 90 peresenti, ndipo izi zili ndi chilango chakechake. Ndinalemba kalata yachiwiri yopempha kuti andiganizire pa zilango, ndikutchula tsiku la chidindo chija ndi malisiti osonyeza kuti ndayamba kale kulipira. Kupempha n'kololedwa, kuvomera kapena kukana n'kwa iwowo. Chomwe ndinganene n'chakuti munthu wobwera yekha ndi fayilo yosanjika amakambirana ali chilili, pamene wogwidwa pa odit, a MRA akamaunika okha mabuku, amakambirana atagwada.

Kukonza chaka chimodzi kumagwedeza zinthu zina, ndipo izi n'zosavuta kuiwala mtima ukangokhala pansi. Provisional tax ya chaka chomwe ndinalimo ndinkaiyerekezera pa phindu lolakwika lija, ndiye inafunika kukwezedwa pa gawo lotsatira kuti vuto lomwelo lisabwerenso. Amene analembetsa VAT ali ndi ntchito yoposa yanga: zogulitsa zomwe zinaiwalika pa fomu ya pachaka mwachidziwikire zinaiwalikanso pa fomu ya VAT ya mwezi umenewo, ndipo nayonso iyenera kukonzedwa payokha. Chimodzimodzi amene ali ndi antchito, ngati cholakwacho chili pa malipiro, PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, ya miyezi imeneyo yakhudzidwa.

Nanga ngati cholakwacho chinapweteka inuyo, munalipira mopitirira? Njira ndi yomweyo: pepala la mizere itatu, umboni, kalata, chidindo. Kusiyana kwake n'kwakuti mukupempha kuti ndalama yopitirirayo ibwezedwe kapena isungidwe kuti idzachotsedwe pa msonkho wa m'tsogolo. Yembekezerani mafunso ochuluka, pakuti palibe amene amatulutsa ndalama asanaonetsetse. Ndipo musadzibwezere nokha pochepetsa mwakachetechete zomwe mulipire ulendo wotsatira. Ambiri amene amalipira mopitirira ndi aja osatolera masatifiketi a withholding tax kwa makasitomala awo. Ndalama inadulidwa, inapita ku boma, koma chifukwa pepala palibe munthu amalipiranso kachiwiri. Ine masiku ano sindichoka pa ofesi ya akaunti ya kasitomala popanda kufunsa kuti satifiketi ya mwezi watha ili kuti.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimafanana ndi nkhaniyi koma si imodzi. Ngati a MRA ndi amene akutumizirani assessment, kalata ya msonkho womwe iwo akuwerengerani, yomwe simukugwirizana nayo, pamenepo simukukonza fomu, mukutsutsa, ndipo muli ndi masiku 30 oti mulembe kalata yotsutsayo ndi zifukwa zake. Masiku amenewo amatha msanga, musaike kalatayo pansi pa mpando wa galimoto ngati ine. Ngati simukhutira ndi yankho lawo nkhani imatha kupita ku Revenue Appeals Tribunal, bwalo lomva madandaulo a za msonkho. Chinanso, ngati muli pa ntchito yolembedwa ndipo mwaona kuti PAYE inadulidwa molakwika, poyambira ndi kwa abwana anu, chifukwa fomu yomwe ili ndi cholakwacho ndi yawo.

Mapeto a ntchitoyi si tsiku lolipira ndalama yomaliza. Patapita masabata angapo ndinalowanso pa Msonkho Online kukaona ngati chaka chija chikuonetsa manambala atsopano ndiponso ngati ngongole yafika pa ziro. Kenaka ndinapempha tax clearance certificate, satifiketi yosonyeza kuti ulibe ngongole ya msonkho, imene ine ndimaiona ngati sikelo yeniyeni: ngati pali kena kotsalira, pamenepo kamatulukira. Kwa ine satifiketi imeneyi si yokongoletsera khoma. Sukulu ija imaifuna chaka chilichonse isanasainire mgwirizano watsopano, ndipo kukanakhala kuti cholakwachi chinatulukira pa nthawi yoipempha, oda ya teremu yonse ikanapita kwa wina ine ndikuthamanga ndi mafayilo.

Fayilo yonse, kalata yodindidwa, pepala la mizere itatu, malisiti a ku banki, mayankho awo, ndi kope lonyowa lija, ili m'kabati m'chipinda, m'jumbo ziwiri chifukwa cha chiswe. Mphwanga ndinamugulira buku la invoisi lokhala ndi kaboni, ndipo Lamlungu lililonse madzulo amabwera nalo kuti tilowetse m'buku lalikulu tisanadye nsima. Ndinatsegulanso nambala ina ya foni ya geni yokha, kuti ya fizi ndi ya mankhwala izidzera kwina.

Madala aja anakana ndalama. Ndinawapititsira kampango wamkulu mmodzi, wa mutu ngati khasu. Anamutembenuza uku ndi uku, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ameneyu wamulemba pati? Pa zogulitsa kapena pa zapakhomo?"

Ndinali ndisanamulembe.